Zaka 130 chiphedwere Gomani: kodi chikumbutso chimafika ku Kandeu?

Lachiwiri pa 27 Okutobala 2026 zikwana zaka 130 chiphedwere Inkosi ya Makhosi Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, yemwe asilikali a boma la atsamunda adamuombera m'chaka cha 1896. Tsikuli silili pa mndandanda wa maholide a dziko lino. Ku Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya m'boma la Ntcheu, lidzakhala tsiku logwira ntchito ngati ena onse: ana adzapita kusukulu, amayi adzakhala pamzere kuchipatala, ndipo alimi adzakhala akugalauza m'minda poyembekezera mvula yoyamba.

Izi sizikutanthauza kuti Angoni a kwa Maseko adamuiwala Gomani. Chaka ndi chaka, kawirikawiri kumayambiriro kwa Seputembala, anthu zikwizikwi amasonkhana pamudzi wa Nkolimbo m'dera la Inkosi Kwataine, pomwe pali manda a mfumuyi, kukachita mwambo wa Umhlangano. M'bandakucha akuluakulu amakhwisula, kupereka nsembe kwa makolo. Dzuwa likakwera, amuna ovala zikopa ndi nthenga, atanyamula zishango ndi zibonga, amalowa m'bwalo motsatana dera ndi dera, amayi akuimba ndi kululutira, mpaka pansi kunjenjemera. Inkosi ya Makhosi Gomani yachisanu ikamafika, khamu lonse limafuula Bayethe. Amene adaonako ngoma ya ku Ntcheu ikuvinidwa ndi anthu mazanamazana nthawi imodzi amadziwa kuti nzosaiwalika.

Funso lomwe lili apa ndi lina. Zochitika za ku Nkolimbo zikatha, malole akabweza ovina kumidzi kwawo, kodi chimatsala m'mitu ya anthu a ku Kandeu nchiyani?

Mbiri yake siyosalala monga timaifotokozera pamwambo. Angoni a kwa Maseko adachoka kummwera kwa Africa m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, adaoloka Zambezi, nkukafika mpaka ku Songea m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Kumeneko mfumu yawo Mputa idafa, ndipo Chidyaonga ndiye adawatsogolera pobwerera kudzakhazikika kuphiri la Domwe, lomwe lero lili ku Mozambique. Chikuse atamwalira m'chaka cha 1891, ufumu udang'ambika: Gomani adamenyana ndi Kachindamoto kwa zaka zingapo, ndipo zotsatira za nkhondoyo ndiye Angoni a kwa Kachindamoto omwe ali m'boma la Dedza lero. Azungu adapeza banja litagawikana kale. Mkangano wa Gomani ndi boma latsopanolo udali wa msonkho komanso wa anthu ake omwe ankatengeka kukagwira ntchito kwa azungu ku Blantyre ndi kumamishoni. Ankhondo ake ataukira midzi yozungulira mishoni ya ku Dombole, boma lidatumiza asilikali. Adamugwira, ndipo mbiri yomwe akuluakulu amasimba imati adakana kuyendetsedwa ngati kapolo, choncho adamuphera panjira.

Mwana wake, Philip Gomani wachiwiri, naye adafa ali pamkangano ndi boma. M'chaka cha 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, adauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe omwe atsamunda ankakakamiza. Boma lidamuchotsa paufumu nkutumiza apolisi ku Lizulu kuti akamutenge. Anthu adatchinga, mfumuyo idathawira ku Mozambique limodzi ndi mbusa wachingerezi Michael Scott, koma Apwitikizi adaibweza. Idamwalira chaka chotsatiracho. Ndi mabanja ochepa m'dziko muno omwe adataya bambo ndi mwana yemwe polimbana ndi ulamuliro wa atsamunda.

Yesani kufunsa wophunzira wa Fomu 2 pasukulu iliyonse ya m'dera la Ganya kuti asiyanitse Gomani wa 1896 ndi Gomani wa 1953. Adzakuuzani msanga za John Chilembwe, chifukwa nkhope yake amaiona pa ndalama ndipo pa 15 Januwale sapita kusukulu. Mlandu si wa mwanayo. Dziko limakumbukira zomwe kalendala yalikumbutsa, ndipo kalendala imalembedwa ndi boma.

Amene adakula nthawi ya Kamuzu Banda amadziwa momwe pa 3 Malichi pankakhalira. Wailesi ya MBC inkaimba nyimbo zachisoni tsiku lonse, ndipo munthu wopezeka akulima, kumwa mowa kapena kuseka mokweza ankatha kukumana nazo. Kudali kukumbukira kokakamiza, koma ngakhale kumudzi kwenikweni aliyense ankadziwa kuti m'chaka cha 1959 anthu adaphedwa ku Nkhata Bay ndi madera ena. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, boma la Bakili Muluzi lidachotsa tsiku la Kamuzu la pa 14 Meyi, lidaika tsiku la ufulu pa 14 Juni pokumbukira riferendamu ya 1993, komanso lidapatsa Chilembwe tsiku lake. Boma la Bingu wa Mutharika lidabwezeretsa la Kamuzu, la pa 14 Juni nkuzimirira. Boma lililonse lasankha akufa ake.

M'zaka zomwezo mitundu idayamba kudzipangira makalendala akeake. Alhomwe amakumana kwa Chonde ku Mulanje mu Okutobala, Angoni a ku Mzimba amachita Umthetho kuphiri la Hora mu Ogasiti, Achewa amaoloka malire kupita ku Mkaika ku Zambia kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, Atumbuka ali ndi Gonapamuhanya ku Bolero. Umhlangano ndi gawo la funde lomweli. Pali zabwino zambiri zomwe latulutsa. Achinyamata a m'tauni omwe kale ankachita manyazi ndi mfunda wawo lero amagula nthini ndi mikanda, nkumatchula za kwawo monyadira pa Facebook. Magule omwe ankangovinidwa pamaliro a mfumu apezanso bwalo. Ku Ntcheu, komwe Chingoni chidatsala m'nyimbo ndi m'maina okha pomwe anthu amayankhula Chichewa, mwambowu wadzutsa chidwi chofuna kumva tanthauzo la mawu omwe agogo ankaimba.

Koma miyambo yonseyi ili ndi nthenda imodzi: yakula kuposa eni ake. Kuti anthu ochuluka chotere adye, agone, apeze madzi ndi zimbudzi, pamafunika ndalama zankhaninkhani. Ndalamazo zimachokera kwa andale, kumakampani ndi kwa ana a mtunduwo omwe zinthu zikuwayendera m'tauni. Wopereka zambiri amakhala kutsogolo mumthunzi wa tenti ndipo amapatsidwa mpata woyankhula. Mkulu wa ku Kandeu yemwe wasunga nyimbo za ngoma kuyambira ali mnyamata amadzuka usiku kukwera lole, amadikira padzuwa maola angapo, ndipo gulu lake likaitanidwa limapatsidwa mphindi zowerengeka chifukwa zoyankhula zadya nthawi. Aliyense wopita kumiyambo ya mitundu yathu, kaya ndi iti, adaziona izi. Mawa lake nyuzipepala, kuphatikizapo ife tomwe, timalemba zomwe wandale wanena ndi kuchuluka kwa ndalama zomwe wapereka. Za womwalirayo timangozikhudza m'ndime yomaliza.

Ngozi yake idaonekera poyera ku Gonapamuhanya m'chaka cha 2017, pomwe otsatira zipani adachita zipolowe pamaso pa mafumu. Ndipo tsopano pomwe chisankho chachikulu chidasunthira ku Seputembala, monga chidachitikira pa 16 Seputembala 2025, nyengo ya miyamboyi izigundana ndi kampeni zaka zisanu zilizonse. Mafumu nawo ali pampanipani. Mswahala wawo umachokera ku boma, ndipo mphamvu yokweza mfumu ili m'manja mwa mtsogoleri wa dziko. Kuuza mlendo wotere kuti lero musayankhule zandale kumafuna mtima wa Gomani weniweni.

Pali malo ena m'dziko muno omwe amachita zinthu mosiyana, ndipo nkoyenera kuwayang'ana. Pachilumba cha Likoma ndi chinzake cha Chizumulu, kalembera wa 2018 adapeza anthu osakwana 15,000, pomwe boma la Ntcheu lidali ndi oposa 650,000. Gule wotchuka kumeneko ndi malipenga, yemwe adabadwa anthu a m'mbali mwa nyanja ataona perete wa asilikali a King's African Rifles nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ovina amavala zoyera bwino ngati asilikali, amaguba m'mizere, amaimba malipenga opangidwa ndi zikho, ndipo magulu awo amatchedwa maboma, okhala ndi maudindo otengera a usilikali ndi a boma la atsamunda. Ena amati kudali kusirira azungu, ena amati kudali kuwanyogodola. Mwina zonse ziwiri nzoona.

Chofunika kwa ife ndi momwe guleyu amakhalira ndi moyo. Boma la malipenga ndi la mudzi. Anthu ake amasonkha okha, amachapa okha zovala, amayeserera madzulo kwa masabata, ndipo akayendera anzawo, olandira alendowo ndiwo amaphika. Pachilumba palibe koti nkuthawira: woonerera ndi mlamu wa wovina, woimba ng'oma ndi amene mudzakumana naye mawa padoko podikira Ilala kapena Lamulungu m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe adayamba kumanga mu 1903. Gulu likavina mophonya, nkhani yake imakambidwa chaka chonse. Kuchepa kwa malo ndi kwa anthu nkomwe kumasunga mwambo, popeza palibe amene angangobwera pagalimoto, kuyankhula, nkumapita.

Kandeu si chilumba, koma amafanana nacho m'njira zina. Ali patali ndi msewu wa M1 womwe umadutsa ku Lizulu, kulikulu la ufumu, ndi pafupi ndi Nkolimbo. Moyo wa anthu ake umazungulira pamsika, kuchipatala, kusukulu, kumatchalitchi ndi kuofesi ya alangizi a zaulimi. Anthu amadziwana mpaka mfunda. Malo otere ndiwo angathe kusunga tsiku lachikumbutso popanda tenti kapena mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe. Ngoma imavinidwa kale kumeneko pamaliro, pomanga ziliza ndi polonga mafumu. Chomwe chikusowa ndi tsiku lodziwika lomwe guleyo angalumikizidwe ndi nkhani yake, ana a sukulu ali pomwepo.

Apa ena adzati njira ndi yoti boma likhazikitse 27 Okutobala kukhala holide ya dziko lonse. Maganizowa ngomveka, koma ndikuona kuti sangathandize kwenikweni. Choyamba, mtundu uliwonse uli ndi ngwazi yake, ndipo khomo limenelo likatsekuka silidzatsekekanso. Chachiwiri, taona zomwe maholide athu asanduka. Pa 3 Malichi lero ambiri m'tauni amachapa zovala kapena kupita kunyanja, mwambo nkutsalira akuluakulu a boma ndi mabanja a ophedwa ku Nkhata Bay. Pa 15 Januwale mapemphero amachitika ku Mbombwe ku Chiradzulu, kwina konse nkungokhala tsiku lopuma. Holide imapatsa munthu tulo, siimupatsa mbiri.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha mwezi wa Novembala. Chaka chilichonse, Lamulungu loyandikira pa 11 Novembala, asilikali amachita perete ndipo atsogoleri amaika nkhata pazipilala za ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu pokumbukira omwe adafa pankhondo ziwiri za dziko lonse. Ndi mwambo waulemu, wochitika mwadongosolo. Koma pankhondo yoyamba ija, ya 1914 mpaka 1918, amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adatengedwa kukhala amtengatenga, onyamula katundu wa asilikali, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Adachokera m'midzi ngati ya kwa Ganya. Lipenga likamalira ku Zomba, m'midzi yomwe adachokeramo simumveka kanthu, ndipo maina awo adapita ndi agogo omwe ankawatchula.

Boma la Ntcheu lalandiranso tsiku lina lachisoni posachedwapa. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali idagwa m'nkhalango ya Chikangawa nkupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Chilima adali Impi ya Inkosi ya Makhosi Gomani, ndipo nkhope yake idali yodziwika pa Umhlangano, atavala zachingoni nkumavina nawo. Adaikidwa kwawo kwa Nsipe pa 17 Juni. Usiku woti mawa lake aikidwa, galimoto idaomba anthu omwe adakhamukira kumsewu ku Ntcheu kudzaona mdipiti wa maliro, ndipo anayi adafa. Patatha chaka, chikumbutso chidachitika pawiri: boma lidapita ku Chikangawa, banja ndi ena ambiri adakapemphera kwa Nsipe.

Kugawikana kumeneko kukutiphunzitsa kanthu za momwe chikumbutso chimabadwira. Palibe adalamula anthu a ku Ntcheu kuti azikumbukira pa 10 Juni. Amakumbukira chifukwa bala likadali laliwisi, ndipo ambiri sadakhutire ndi mayankho omwe adaperekedwa, ngakhale bungwe lofufuza lomwe boma lidakhazikitsa komanso akatswiri a ku Germany adatulutsa malipoti awo. Koma zaka zikamapita, tsikuli lidzakumana ndi mayesero omwewo: zipani zidzalimbirana kuti mwini maliro ndani, ndipo maina a ena asanu ndi atatu aja, osanenanso za anayi a pamsewu, adzayamba kusowa m'zoyankhula. Zidachitika kale ndi anthu omwe adafa pamodzi ndi Gomani mu 1896. Lero timatchula mfumu yokha.

Pali mbali inanso yomwe pamwambo waukulu siyikambidwa, ndipo mwina singakambidwe pamaso pa alendo. Angoni sadafike m'dziko lopanda anthu. Adapeza Achewa ndi mitundu ina, adawathira nkhondo, ena adawagwira, ena adathawira m'mapiri. Ambiri mwa omwe lero amavala zikopa ku Nkolimbo ndi zidzukulu za ogonjetsa ndi ogonjetsedwa omwe, chifukwa magazi adasakanikirana kalekale, ndipo chilankhulo chomwe chidapambana ndi cha ogonjetsedwawo. Kunena izi sikuchepetsa ulemu wa Gomani. Munthu yemweyo atha kukhala ngwazi yokana atsamunda komanso mfumu yomwe ankhondo ake ankaopedwa ndi midzi yoyandikana nayo. Nkhani yotere imafuna bwalo laling'ono, pomwe agogo awiri angatsutsane mwaulemu ana akumvetsera, wina nkunena zomwe adamva kuchimuna, wina za kuchikazi. Pa maikolofoni ya pamwambo waukulu pamangotuluka mbiri yosesedwa bwino.

Nanga chingachitike nchiyani? Sichifuna lamulo la ku Nyumba ya Malamulo. Inkosi Ganya ndi magulupu ake, mogwirizana ndi aphunzitsi aakulu a sukulu zozungulira Kandeu, atha kupatula masana a pa 27 Okutobala. Magulu a ngoma a m'midzi, omwe adapita ku Nkolimbo ndi omwe adatsala chifukwa lole idadzaza, atha kuguba kuchokera pamsika kukafika pabwalo la sukulu, aliyense nkuvina mpaka thukuta litakwana. Akuluakulu atha kumasulira nyimbo mzere ndi mzere. Mudzi uliwonse utha kutchula akufa ake: amtengatenga, omwe adapita ku Burma pankhondo yachiwiri, omwe adamangidwa mu 1953 ndi 1959, omwe adapita ku Wenela osabwerako. Ophunzira atha kulemba mainawo m'kope lomwe lizisungidwa kwa mfumu. Foni zomwe achinyamata amajambulira magule nkuika pa TikTok zitha kujambulanso mawu a agogo asadatsikire kulichete. Bungwe losunga chikhalidwe cha Angoni a kwa Maseko, lomwe limakonza Umhlangano, litha kusonkhanitsa zojambulazo kuchokera kwa Ganya, Njolomole, Mpando, Champiti, Makwangwala ndi madera ena, ndipo nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale ingathandize kuzisunga.

Zovuta zilipo, ndipo sitingazibise. Kumapeto kwa Okutobala ndi nthawi yotentha, nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kupepuka, ndipo maganizo a mlimi amakhala pa feteleza. Nkutheka kuti nchifukwa china chomwe mwambo waukulu umachitikira mu Seputembala, anthu akadali ndi chakudya ndi nthawi. Mipingo ina imakayikira chilichonse chokhudza kukhwisula, ndipo makolo ena sangalole ana awo kupezekapo ngati mwambowo uli ndi nsembe. Palinso chizolowezi chomwe mabungwe adatiphunzitsa, choti msonkhano wopanda alawansi ndi zakumwa si msonkhano. Komanso wandale wa m'deralo akangomva kuti anthu asonkhana, adzafika ndi nsalu za chipani. Zonsezi nzotheka kuzilambalala ngati mwambowo ukhala waufupi, wamasana, wopanda mlendo wolemekezeka ndi wopanda envulopu. Nsembe zitsale ku Nkolimbo komwe kuli manda.

Ena adzaona ngati kuchita izi nkupikisana ndi Umhlangano kapena kugawa ufumu. Mbiri ya 1891 imapangitsa mantha otere kukhala omveka. Koma mwambo waukulu umadalira midzi. Ovina omwe amasangalatsa alendo ku Nkolimbo sadaphunzire ngoma ku Nkolimbo, adaiphunzira kwawo, kwa amalume ndi agogo awo. Ambiri mwa odziwa nyimbo zakale ndi okalamba, ndipo achinyamata a m'madera ngati Kandeu akuchoka kupita ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg. Magulu a m'midzi akafa, ku Nkolimbo kudzatsala zikopa zogula ndi nyimbo za pa sipika.

Gomani wachisanu adalowa ufumu ali wachinyamata, bambo ake atamwalira mu 2009, ndipo azakhali ake a Rosemary Malinki ndiwo adagwirizira mpando kufikira atalongedwa mu 2012. Ndi mfumu ya m'badwo womwewo womwe ukufunika kuuzidwa mbiriyi, ndipo mawu ake amamveka kwa makhosi onse omwe ali pansi pake, kuyambira ku Ntcheu mpaka kwa Bvumbwe ku Thyolo. Atanena kuti dera lililonse lichite kanthu kwawo pa 27 Okutobala, palibe inkosi yomwe ingakane. Chikumbutso cha zaka 130 chagwa mkati mwa sabata, sukulu zili zotsekula, ndipo kuchokera pamsika wa Kandeu kukafika pabwalo la sukulu sipafunika lole.